Phula lodyetsa mlendo ku Tokyo

Munthu wotumidwa ku Japan pa ntchito sasowa pogwira kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. M'mawa basi imamupeza pakhomo, m'chipinda cha maphunziro muli womasulira, mapepala onse ali m'Chingerezi, ndipo nkhomaliro imabwera yokha m'kabokosi. Amalawi amene anapitako kudzera ku bungwe la JICA, kaya kukaphunzira za ulimi ku Tsukuba, kaya kukakhala nawo pa msonkhano wa TICAD ku Yokohama, amalidziwa dongosolo limeneli. Zinthu zimatembenuka Loweruka. Womasulira ali kwawo ndi banja lake, basi kulibe, ndipo bwana wa madigiri awiri uja akangotuluka pageti amapezeka kuti satha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha pashopu. Chijapani chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo zosakanikirana m'chiganizo chimodzi: hiragana, katakana ndi kanji. Za kanji zokha, zimene boma linasankha kuti ndi zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku, zilipo 2,136. Si zophunzira uli m'ndege.

Komabe kuona malo pakokha sikulira chilankhulo kwenikweni. Kuyambira mu 2004, siteshoni iliyonse ya sitima zapansi pa nthaka ku Tokyo ili ndi chilembo ndi nambala yake. Njanji ya Ginza, yomwe inatsegulidwa mu 1927 ndipo ndiyo yakale kuposa zonse zamtunduwu ku Asia, imadziwika ndi mzere wozungulira wa mtundu wa lalanje ndi chilembo G. Ueno ndi G16, Asakusa ndi G19. Amene amatha kuwerenga manambala sangasochere. Ukatsika pa Asakusa umangotsata khamu la anthu mpaka pa chipata cha Kaminarimon, pomwe palendewera nyali yofiira yaikulu kuposa munthu, n'kudutsa pakati pa timasitolo ta Nakamise, n'kukafika pa kachisi wa Senso-ji kumene anthu akudzikupizira utsi wa lubani kumutu. Pamenepa maso akukwanira. Chimene chimadzetsa mlandu ndi mimba. Ikakwana 1 koloko, miyendo yalema, fungo la nyama yootcha likutuluka m'khomo lililonse, ndipo mndandanda wa zakudya wapachikidwa pakhoma m'zilembo zotsika kuchokera kumwamba kupita pansi, zopanda n'chimodzi chomwe chimene ungachigwire.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga wofuna kufunsa koma wopanda mawu ofunsira atani? Ku Japan yankho lake linapezeka m'phula momwemo.

Pafupi ndi khomo la malo odyera ambiri pamakhala kabati yagalasi yoyang'ana kumsewu, ndipo m'katimo mwandandalikidwa mbale za zakudya zonse zimene amaphika, iliyonse ndi mtengo wake patsogolo. Pali mbale ya ramen, timitengo todyera titaima tokha m'malere titanyamula zingwe za ufa wa tirigu zimene zikuoneka ngati zangovuulidwa kumene mu supu. Pali nyama ya nkhumba yokazinga m'nyenyeswa za buledi, yodulidwadulidwa, pambali pake kamulu ka kabichi woduladula bwino ngati ulusi. Pali tambula ya mowa, thovu lili tutumu, timadontho ta madzi titamatirira kunja kwa galasi. Mnzathu wina amene tinali naye pa maphunziro anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, anthu awa amataya chakudya chonsechi tsiku lililonse?" Palibe chotayidwa. Zonsezo ndi zopanga, ndipo zina zakhala m'kabatimo zaka. Eni ake amazitcha shokuhin sampuru, zitsanzo za chakudya. Poyamba zinkapangidwa ndi phula longa la makandulo, masiku ano ndi pulasitiki.

Mlendo amasankha ndi maso, n'kuitana woperekera zakudya kuti atuluke naye panja, n'kuloza. Ena amajambula mbaleyo pafoni n'kukaonetsa m'kati. Basi, nkhani yatha. Zimaoneka zachibwana mpaka munthu utadziwa ntchito imene yalowa m'mbale imodzi yokhayo.

Chinthu choyamba chodabwitsa n'chakuti zitsanzo zabwino sizigulidwa zopangiratu ngati zidole za m'sitolo. Mbale ya ramen ya m'kabati ya lesitilanti iyi ndi ramen wa lesitilanti iyi, osati wa pakhomo loyandikana nalo. Mwini malo amaphika chakudyacho monga amaphikira makasitomala ake, n'kuchitumiza kwa amisiri pamodzi ndi zithunzi ndi mbale yeniyeni imene amaperekeramo. Amisiriwo amachiphwasula. Nthuli ya nyama payokha, theka la dzira palokha, kagawo ka nsomba pakokha. Chilichonse amachiika m'kabokosi n'kuchithira silikoni wamadzimadzi, ndipo akauma amachotsamo chakudyacho n'kutsala ndi chikombole chimene chasunga kamzere kalikonse, kakhwinya kalikonse, ngakhale pamene mpeni wa wophika unatsetsereka pang'ono. M'chikombolemo amathiramo pulasitiki wamadzimadzi wa mtundu wa PVC, wachibale wa uja wa mapaipi a madzi, atamusakaniza kale ndi utoto woyambira, n'kumuika mu uvuni kuti alimbe. Chotuluka mu uvunimo chili ndi thupi la chakudya koma chilibe moyo. Chikuoneka ngati sopo.

Moyo umabwera ndi utoto, ndipo apa mpamene mmisiri amasiyana ndi wophunzira. Taganizirani nthuli ya nyama ya ng'ombe yootcha. Sili ndi mtundu umodzi. Kunja ndi yoderapo, m'mizere mmene munakhudza chitsulo ndi yakuda, m'mphepete mwa mafuta ndi yachikasu chonyezimira, ndipo ikadulidwa, m'kati mumayamba ndi kutuwa, n'kumafiirira pang'onopang'ono polowera pakati, popanda malire ooneka pamene mtundu uwu wathera ndi pamene winawo wayambira. Mmisiri amapopera utoto ndi kachipangizo ka mpweya, kansalu kopyapyala pamwamba pa kansalu kena, kudikira kaume, n'kupoperanso. Akatero amatenga kaburashi kosongoka n'kulemba timitsempha ta mafuta kamodzikamodzi. Pomaliza pali nkhani ya kuwala. Msuzi umanyezimira, buledi sanyezimira, mpunga umanyezimira pang'ono pokha ukakhala wotentha. Akalakwitsa apa, diso la munthu wanjala limazindikira msanga ngakhale mwini disoyo sangafotokoze chimene chalakwika.

Nsomba yaiwisi ndiyo imayesa luso kwambiri. Kagawo ka tuna ka pa sushi kamalowetsa kuwala pang'ono m'kati mwake kasanakubweze, ndiye utoto wopaka pamwamba pokha sukwanira. Mtunduwo uyenera kukhala m'thupi mwa pulasitikiyo, kenako mizere yoyera ya mafuta ijambulidwe mosapitirira muyeso. Ukachulutsa, kakuoneka ngati nyama ya nkhumba. Ukachepetsa, kakuoneka ngati switi.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri pa ntchito imeneyi n'chakuti mbali yake yaikulu ndi kuphika ndithu, kungoti kopanda moto wa pansi pa poto. Mpunga sauumba ngati chibuma chimodzi. Amakhala ndi timbewu ta pulasitiki tambirimbiri, kalikonse pakokha, n'kutisakaniza ndi guluu, kenako n'kutiumba m'manja monga amaumbira wophika sushi, mosafinya kwambiri kuti pakati pa timbewuto pakhale timipata. Kabichi amamudula ndi mpeni pathabwa. Zingwe za ramen amazipinda ndi kuziyala m'mbale, n'kuthira supu wa pulasitiki woonekera m'kati, n'kuika nyama, dzira ndi anyezi wamasamba pamalo pamene wophika wa lesitilanti ija amaziika. Mmisiri ayenera kudziwa kakonzedwe ka mbale ngati mmene akudziwira wophikayo, mwinanso kuposerapo, chifukwa wophika amakonza mbale yoti ionedwe ndi munthu wokhala pampando ikadali patebulo, pamene mmisiri akukonza mbale yoti ipendekeke m'kabati, ionedwe ndi munthu woimirira kuseri kwa galasi, pansi pa magetsi, ali pa liwiro lopita kwina.

Wojambula mafilimu wa ku Germany, Wim Wenders, anakhala tsiku lathunthu m'nyumba ina yopangira zitsanzozi ndipo anaika zimene anaona mu filimu yake ya mu 1985 yotchedwa Tokyo-Ga. Ukamaonera mbali imeneyo osamva mawu, ungalumbire kuti ndi khitchini ya hotela: anthu ali jijirijijiri, wina akudula, wina akuthira, wina akusanja masangweji.

Tsono pali funso la nthawi. Chakudya chenicheni chimakongola kwa mphindi zochepa. Thovu la mowa limaphwa, ayisikilimu amasungunuka, zokazinga zimafewa, supu amachita kakhungu pamwamba. Wojambula zithunzi amathamangitsana ndi mphindi imeneyo. Mmisiri wa zitsanzo amaisankha modekha n'kuiimitsa. Ndipo sasankha mphindi imene chakudya chachoka pamoto ayi, amasankha imene munthu watambasula dzanja kuti adye. Ndicho chifukwa chake foloko ya supageti imaima m'malere itakulunga zingwe zofiira ndi tomato, ndipo kagawo ka pizza kamakhala katanyamuka, tchizi atatamuka ngati ulimbo. M'kati mwa zingwezo mwabisika cholimbitsa chimene chanyamula folokoyo, koma diso silichiona. Limaona dzanja losaoneka, ndipo wodutsa m'njira amamva ngati dzanjalo ndi lake. Amene anayamba kuganiza zimenezi ankamudziwa munthu wanjala.

Alendo ambiri amaganiza kuti zitsanzozi anapangira iwo. Ayi ndithu. Zinayamba pafupifupi zaka 100 zapitazo, ndipo osadziwa chakudya panthawiyo anali Ajapani eni ake. M'zaka za m'ma 1920 mizinda inkakula, anthu akumidzi ankabwera ku Tokyo ndi ku Osaka, ndipo masitolo akuluakulu ansanjika anayamba kutsegula zipinda zodyera zolowa aliyense. M'zipindamo munkaphikidwa zakudya zachilendo zotengera kwa azungu: mpunga wa curry, nyama yokazinga m'nyenyeswa, mazira okazinga okulunga mpunga. Dzina lake munthu ankatha kuliwerenga, koma chimene chidzabwere patebulo sankachidziwa, ndipo ndalama yake inali yochepa yosafunika kuitaya pa chinthu chosadyeka. Kuika chakudya chenicheni pawindo kunkaitana ntchentche ndipo pofika masana chinkakhala chitafota. Sitolo ya Shirokiya ku Tokyo imatchulidwa pakati pa oyamba kuika zitsanzo za phula, chitangochitika chivomerezi chachikulu cha mu 1923. Ena mwa amisiri oyambirira anali anthu opanga zitsanzo za ziwalo za thupi zophunzitsira madokotala, anthu ozolowera kale kutsanzira khungu ndi mnofu mosaphonya.

Amene anasandutsa lusoli kukhala bizinesi ya dziko lonse ndi Takizo Iwasaki, wobadwira ku Gujo Hachiman, tauni ya m'mapiri m'chigawo cha Gifu. Anatsegula kampani yake ku Osaka mu 1932, ndipo chitsanzo chake choyamba chodziwika chinali cha mazira okazinga othira msuzi wa tomato pamwamba. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti mazirawo anakazinga ndi mkazi wake, ndipo makwinya amene anachitika pokazingapo Iwasaki sanawasalaze, anawatsanzira momwemo. Kaya zinachitikadi choncho kaya nkhaniyo inakometsedwa ndi zaka, mfundo yake ndi imene amisiri akutsatabe: chimene chimapangitsa chitsanzo kukhulupirika ndi tizilema take. Dzira losalala bwino lomwe palibe analionapo pa mbale. Nzeru ina ya Iwasaki inali ya malonda. M'malo mogulitsa, ankabwereketsa zitsanzozo pa lendi ya pamwezi, n'kumazisamalira ndi kuzisintha zikatha. Mwini lesitilanti wamng'ono amene sakanakwanitsa kugula kabati yonse ankatha kulipira pang'onopang'ono. Makampani a dzina la Iwasaki ndiwo akali ndi gawo lalikulu la msikawu mpaka lero, ndipo kwawo ku Gujo Hachiman kunasanduka kuchimake kwa ntchitoyi.

Phula linali ndi vuto lake: dzuwa likawomba pagalasi linkafewa, mitundu n'kufwifwa, ndipo likagwa linkasweka. Cha m'ma 1970 ndi 1980 linalowedwa m'malo ndi pulasitiki, ndipo zikombole za kanten, phala loundana lochokera ku ndere za m'nyanja, zinasiyira malo silikoni. Koma njira zakale sizinafe. Amisiri amazionetsabe kwa alendo ku Gujo Hachiman ndi ku Tokyo komwe, ndipo amene ali ndi mwayi woonerera asauphonye, chifukwa mpamene manja amaonekera bwino.

Taonani mmene amapangira tempura, zija zokazinga m'phala la ufa. Patsogolo pa mmisiri pali beseni la madzi ofunda, a madigiri pafupifupi 40. M'dzanja muli kapu ya phula losungunuka lachikasu. Amakweza dzanjalo m'mwamba ndithu, kufika cha m'mapewa, n'kumadontheza phulalo pamadzi uku akuyendetsa dzanja uku ndi uku. Phula likagunda madzi limamwazika n'kuchita timatuza ndi timinyanga, n'kukhala kansalu kokhakhala koyandama. Kutalika kwa dzanja ndiko kumalamula zonse: likatsika kwambiri phula limangoyala bata ngati chikondamoyo, likakwera mopitirira limabalalika osagwirana. Kansaluko kakadali kofewa, amagonekapo nkhanu yopangiratu yaitali ya m'nyanja yamchere, n'kuimiza pang'ono, n'kukulunga ndi nsonga za zala mosafinya, mchira wofiira n'kutsala panja. Akaiviika m'madzi ozizira yalimba. Zonsezi sizitha mphindi imodzi, ndipo chotuluka m'madzimo chikuoneka chokhukhuta moti m'kamwa mumadzadza malovu.

Letesi ndiye amachititsa anthu kuwomba m'manja. Mmisiri amathira phula loyera pamadzi ndi chipande, n'kuliyala mopyapyala. M'mphepete mwake amathiramo lobiriwira. Kenako amagwira mbali yoyerayo ndi zala za manja onse awiri, n'kuikokera pansi pa madzi pang'onopang'ono molunjika kwa iye, ndipo lobiriwira lija limatsatira, likutamuka, likuchita makwinya lokha, loyera likulowerera m'lobiriwira monga zimakhalira pa tsamba lenileni kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Chimatuluka ndi chitsamba chimodzi chachikulu chonyowa. Amachikwinyira m'manja kuyambira koyera, n'kukulunga kobiriwira kunja, mpaka chakhala mpira. Akaudula pakati ndi mpeni wotenthetsa, m'kati muli timizere ndi timapanga tonse ta letesi. Palibe chikombole apa, palibe burashi. Pali madzi, kutentha kwake, ndi liwiro la manja. Wophunzira akayesa, tsamba limang'ambika kapena limatuluka lochindikala ngati chikopa, ndipo mmisiri amangomwetulira n'kumupatsa chipande china.

Luso lonseli likanakhala lachabe pakanapanda chinthu chimodzi, chomwe kwa ine ndicho mtima wa nkhaniyi. Chitsanzo ndi lonjezo. Mayi wogulitsa tomato pamsika akaunjika mulu n'kunena mtengo, mulu umene waona ndi umene upite nawo kunyumba. Kabati yagalasi ija ikugwira ntchito yomweyo. Ngati m'chitsanzo muli magawo atatu a nyama, patebulo pabwera atatu. Ngati mbale ya mpunga ndi yaing'ono, ndi yaing'onodi, ndipo munthu wozolowera kukhuta aitanitsiretu yachiwiri. Kukula kwa chitsanzo ndi kukula kwa chakudya, chifukwa chikombole chinatengedwa pa chakudyacho. Chithunzi cha pa menyu chikhoza kujambulidwa pafupi kuti kanthu kakang'ono kaoneke kakakulu. Chitsanzo chilibe pobisala. Inde amisiri amakometsa pang'ono, kufiiritsa apa, kunyezimiritsa apo, kutukula nyama kuti ionekere pamwamba pa supu m'malo momira. Koma malire amawadziwa, pakuti kasitomala akalandira mbale yake amatha kutembenuka n'kuyerekeza ndi ya m'kabati. Tinazolowera kuti chokongola kunja chimakhala chikomekome cha nkhuyu. Apa pali chinthu chabodza kuyambira kunja mpaka m'kati chimene ntchito yake yonse ndi kunena zoona. Kukhulupirika kwa muyeso kumeneku n'kumene kunachititsa kuti zitsanzozi zilowenso m'zipatala, kumene alangizi a zakudya amazigwiritsa ntchito poonetsa odwala matenda a shuga kuchuluka kwa mpunga kapena nyama yoyenera kudya pa nthawi imodzi.

Sikuti kabatiyo imanena zonse. Siinena kutentha. Zingwe zotuwa za soba zoyalidwa pa kathireyi ka nsungwi zimaoneka zokoma, ndipo n'zokomadi, koma zimabwera zozizira dala, zoti uziviika mu msuzi wozizira, ndipo munthu amene amayembekeza chakudya chotentha amaganiza kuti am'patsa chikute. Siinena fungo: nyemba za natto zimaoneka ngati nyemba wamba mpaka utazinyamula n'kuona ulusi wonanda ukutsatira. Kobiriwira kakang'ono ka pambali pa nsomba si mapeyala, ndi wasabi, ndipo amakwera m'mphuno osati pa lilime. Chachikulu koposa, kabati siinena zimene zasungunuka mu supu. Ramen wa supu woyera ngati mkaka nthawi zambiri amakhala wowiritsa mafupa a nkhumba, ndipo ngakhale mbale yooneka ya masamba okhaokha imakhala ndi msuzi wa nsomba zouma. Msilamu, wa Seventh Day, kapena amene thupi lake limadana ndi zakudya zina asadalire maso okha; apemphe womasulira amulembere kapepala m'Chijapani Lachisanu lisanathe, aziyenda nako m'thumba. Mmisiri anatsanzira chimene chimaoneka, ndipo pa chimenecho sanalakwe.

Kabati imauzanso mlendo zinthu zimene mwini wake sanafune kunena. Zitsanzo zofwifwa, za fumbi, mpunga utasanduka wachikasu, zimasonyeza malo akale amene mwina eni ake atopa, mwinanso ali ndi makasitomala awo okhazikika moti sasamala za odutsa. Ine zoterezi sindizithawa msanga. Kawirikawiri mitengo yake imakhala yachifundo kwa munthu amene akusunga alawansi kuti akagule malata kumudzi. Ndipo malo odula kwambiri, aja a nsalu yokha pakhomo, saika zitsanzo n'komwe. Kabati ndi ya anthu wamba: ya m'masiteshoni, ya m'nsanjika zapamwamba za masitolo akuluakulu, ya m'timisewu ta kuseri.

Ena amati ntchitoyi ikupita kumapeto. Malesitilanti ambiri tsopano ali ndi menyu ya zithunzi, ena ali ndi tabuleti patebulo yosintha zilankhulo, ndipo foni ikalozetsedwa pa zilembo za kanji imayesa kuzimasulira. Zonsezi n'zothandiza, sindikana. Koma amene anayesapo kumasulira mayina a zakudya ndi foni akudziwa zimene zimatuluka. Pali mbale ina ya mpunga wa nkhuku ndi mazira imene dzina lake foni imalipereka kuti kholo ndi mwana, ndipo munthu umangoti kakasi pakhomo la eni. Ndiponso foni imafuna kuti uime, uitulutse, ulunjikitse, uwerenge. Kabati imakupeza ukuyenda. Anthu asanu a mayiko asanu akhoza kuima pagalasi limodzi, mwana wosayamba sukulu ali pomwepo, onse n'kumva chimodzimodzi nthawi imodzi. Palibe chipangizo chimene chafikapo pamenepo.

Amisiri nawonso sanakhale manja lende. Amapanga timasushi tokolowekera makiyi, timaginito ta pafiriji, zotengera mafoni zokhala ndi dzira pamwamba. Zina mwa izi ndi zoseweretsa chabe ndipo zimaoneka kuti zinapangidwa mothamanga. Koma luso lenileni layamba kulandira ulemu umene linkausowa. Kuyambira mu Okutobala 2024 mpaka mu Febuluwale 2025, Japan House ku London inachititsa chionetsero cha zitsanzozi, ndipo kampani ya Iwasaki inapanga mbale 47, imodzi ya chigawo chilichonse cha Japan. Ndi zoyenera, ngakhale ine ndimaona kuti chitsanzo chimakongola koposa chikakhala pa ntchito yake, pambali pa khomo, kapepala ka mtengo kali patsogolo. Opanga ake salembapo mayina. Mlendo amene wadya bwino amayamika wophika, n'kuweramira woperekera zakudya potuluka, osaganizako za munthu wachitatu amene anakhala masiku akupaka utoto pa nthuli ya nyama kuti iye athe kuloza.

Inu amene mwapatsidwa kalata ya ulendo wa ku Tokyo ndipo pa ndondomeko pali tsiku limodzi lopanda zochita, kaoneni kachisi wa Senso-ji m'mawa anthu asanachuluke, kenako muyende wapansi kulowera kumadzulo, kapena mukwere njanji ya Ginza siteshoni imodzi mutsike pa Tawaramachi, G18. Mukaona chimutu chachikulu cha wophika wa ndevu za pamlomo ndi chipewa choyera pamwamba pa nyumba ya Niimi, mwafika pa Kappabashi, msewu wa mamita pafupifupi 800 wokhala ndi masitolo oposa 150 ogulitsa mipeni, mapoto, mbale ndi zonse za m'khitchini. Masitolo a zitsanzo ali momwemo, ndipo ku Ganso Shokuhin Sample-ya amaphunzitsako alendo kupanga tempura ndi letesi wa phula, koma malo amafunika kusungitsiratu. Womasulira wanu angakuthandizeni pa foni. Musadabwe kupeza kuti mbale yopanga ikudula kangapo kuposa chakudya chenicheni. Masitolo ambiri kumeneko amatseka cha m'ma 5 koloko madzulo ndipo ochuluka satsegula Lamlungu, choncho pitani Loweruka.